Iggy Lavelle, Woseketsa Anamfedwa

Ku Kilbrack kuno ngakhale mwana amadziwa kuti Iggy Lavelle ankakonda maliro. Sindikunena kuti ankakondwa anthu akamafa, ayi, koma maliro ankawatsata ngati mmene amuna ena amatsatira mpira. Ikakwana naini koloko m'mawa, wailesi ya m'boma lathu lino ikayamba kuwerenga mayina a omwalira, Iggy unkamupeza atakhala kale pampando wapakona m'bala mwanga, tiyi patsogolo, kabuku kofiira m'manja. Ukamulankhula nthawi imeneyo ankangokukwezera chala osakuyang'ana n'komwe. M'kabukumo ankalembamo dzina la womwalira, ndipo akabwerako kusiwa ankawonjezera pansi pake ngati namfedwa anaseka kapena ayi.

Ine ndine Nuala Heneghan. Bala ya pamphambano ndi yanga, ndipo mukatulukira khomo lakuseri mupeza mabokosi a maliro, nawonso ndi anga. Bambo anga ankagulitsa mowa kutsogolo n'kumakonza mitembo kuseri, ine ndinangolandira zonse ziwiri. Iggy ndinaphunzira naye kalasi imodzi, ndinakangana naye moyo wanga wonse, ndipo pomaliza ndine ndinamugoneka m'bokosi. Asanamwalire anandilumbiritsa kuti pa Misa ya maliro ake anthu adzaseke m'tchalitchi momwemo. Wansembe wathu anali atanenetsa kale kuti zimenezo sizidzachitika iye akadali pano. Koma ndisathamange, poti Iggy ankandinena kuti ndimathamangira nkhani.

Lamulo lake linali limodzi. Nthabwala iliyonse, asanapite nayo ku Dublin kapena pa kanema, ankayamba waiyesa pasiwa, pambali pa bokosi.

"Anthu a ku Dublin amaseka chifukwa alipira pakhomo," ankatero. "Mayi wamasiye sanalipire kanthu. Akaseka ameneyo, ndiye kuti nthabwalayo yapsa."

Zinayamba ali ndi zaka 19, akugwira ntchito yonyamula mabokosi kwa bambo anga. Kunamwalira Packie Gaughan, mlimi wa nkhosa amene palibe anamuonapo akumwetulira chibadwire. Iye ndi mkazi wake Bina anakhala zaka makumi anayi akukangana, ndipo onse awiri anali ndi mano oikirira amene ankagona m'matambula awiri pazenera limodzi. Bambo anga atatuma kuti mano a malemu abwere, Concepta, mwana wamkazi wa m'nyumbamo, anatenga tambula yolakwika. Bambo anga anaona kuti manowo akuchepa, koma anangoti imfa imasintha munthu.

Masana amenewo anthu anandanda kugwira chanza anamfedwa, ndipo aliyense akasuzumira m'bokosi ankanong'oneza mnzake kuti Packie akuoneka bwino kuposa ali moyo. Anali akumwetulira ndi timano ting'onoting'ono toyera. Pakona, Bina ankalimbana ndi sangweji, mano akuluakulu ngati a hatchi akugogoda m'kamwa. Iggy anayang'ana m'bokosi, anayang'ana Bina, n'kubwereranso kubokosi.

"Mayi Gaughan, pepani ndi zovutazi. Koma ndifunseko, mano amenewo akukukwanani?"

"Akundipweteka, mwanawe. Chisoni chimatupitsa nkhama."

"Si chisoni chimenecho. Mwavala a Packie. Anu ali m'bokosimu, ndipo taonani mmene amukhalira. Zaka zonsezi mukumukalipira kuti amwetulire, kani vuto linali mano."

Bambo anga anayamba kuyang'ana kumene kuli khomo. Bina anadzuka, anayang'anitsitsa mwamuna wake, kenako anaseka mpaka mano a Packie anafwamphuka n'kugwera m'mbale ya shuga. Bambo anga atapempha kuti asinthe manowo mwamsanga, Bina anawagwira mkono.

"Musamukhudze. Apite nawo. Mwina kumeneko akalankhulako zanzeru ndi mano angawo."

Mano a Packie, Bina anawasunga m'tambula pazenera mpaka tsiku limene naye anamwalira, ndipo anatsala m'manja mwa Concepta.

Nkhani imeneyo ndi imene inamutengera Iggy ku Dublin. Anakwera basi ndi suti yake yakuda yonyamulira mabokosi, poti ina analibe, n'kukaima yekhayekha kutsogolo kwa anthu, popanda gitala kapena nyimbo, pakamwa pokha basi. Ankanena za ife. Poyamba tinakwiya kwambiri, tikuti mwana wa Lavelle akutivula pagulu. Atayamba kuoneka pa kanema, omwe anakwiyawo ndi amene ankabwera m'bala mwanga kudzadandaula kuti n'chifukwa chiyani maliro a kwa Gaughan akutchuka pamene a kwawo sanatchulidwe, chonsecho nawonso anagwetsa bokosi pamlatho.

Kenako anamuitana a mafilimu ku London. Apa muyenera kudziwa kuti Iggy sanalawepo mowa moyo wake wonse. Anandiphera mpando wabwino kwambiri m'bala zaka makumi anayi ndi tiyi wa masenti, kasitomala woipa kuposa onse amene ndinakhala nawo. Ndiye mkulu wa anthu a mafilimu aja anamuuza kuti akufuna munthu wa ku Ireland weniweni, wovala chipewa chobiriwira, botolo m'manja, woti agwere m'ngalande akuimba.

"Mu filimuyi mulibe wa kwathu wina amene saledzera?" Iggy anafunsa.

"Alipo mmodzi, koma ndi wakufa. Amangogona m'bokosi."

"Ndipatseni ameneyo."

"Bambo Lavelle, woledzerayu amalankhula filimu yonse. Mutchuka naye."

"Mayi anga amaonera mafilimu, achimwene. Kuli bwino andione nditafa kusiyana ndi kundiona m'ngalande yanuyo."

Chipewacho anabwera nacho kuno n'kuchikoleka m'chimbudzi cha bala yanga, akuti ndiko kwawo. Ndipo a ku London atazindikira kuti pali munthu wodziwa kugona m'bokosi osaphethira, sanamusiyenso. Anakhala mtembo m'mafilimu asanu ndi anayi. Anapatsidwako mbali zina zolankhula, wapolisi, dokotala wa ziweto, koma ife timakumbukira mitemboyo. Vuto lake linali loti sankatha kupirira zinthu zikamalakwika. Tsiku lina akujambula, mtembo unadzuka n'kukhala tsonga.

"Kolona sakulunga choncho m'manja. Galasi ilo liphimbeni, wotchi iyo muiimitse. Kodi kwanu simufa?"

Filimu yoyamba itafika ku Castlebar tinachita hayala basi, anthu makumi asanu. Iggy anaoneka theka la mphindi. Tinaomba m'manja, Bina Gaughan anafuula kuti akuoneka bwino, ndipo bokosi litatsekedwa tonse tinanyamuka n'kutuluka. Mpaka lero sindidziwa kuti anamupha ndani mu filimu imeneyo.

Wansembe wathu, Bambo Cosgrove, anafika m'parishi muno zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Ndinene chilungamo, si munthu woipa. Amayendera odwala ngakhale kukugwa mvula yamkuntho, ndipo sanachedwepo pa maliro. Koma kuseka amakuona ngati matope pa kapeti. Sabata yake yoyamba analetsa zoti abale azilankhula pa Misa ya maliro, akuti anthu amatha theka la ola akusimba za mpira. Iggy sanadandaule, poti iye malo ake anali pasiwa. Awiriwa anadzagundana pa maliro a Colm Munnelly.

Colm anali msodzi wa zaka 26. Anagwa m'boti, ndipo nyanja inamubweza patatha masiku asanu ndi anayi. Bokosi ndinalitseka ndekha, sindinalole aliyense kuona. Mayi ake, Attracta, masiku onsewo sanalire, sanadye, sanalankhule. Anangokhala pampando maso ali pakhoma. Masana a pasiwa, Bambo Cosgrove atamaliza kutsogolera kolona, Iggy anakakhala pansi pafupi ndi mapazi a Attracta.

"Attracta, kodi unkadziwa kuti mwana wako ndi amene analowetsa nkhosa m'kachipinda kolapira?"

Nkhaniyo tonse tinkaidziwa. Inachitika nthawi ya wansembe wakale, Bambo Ruane, amene anali atagontha makutu. Loweruka lina wina analowetsa nkhosa yamphongo mbali ya olapa n'kukoka katani. Bambo Ruane anaimvetsera mphindi khumi, n'kuilamula kuti ikapemphere kolona yonse ndipo isadzabwerezenso. Wolakwayo sanapezeke.

"Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri," Iggy anapitiriza. "Ndinamuona ndi maso angawa. Anandipatsa maswiti awiri kuti ndisaulule. Ndasunga chinsinsi zaka khumi ndi zinayi, ndikuona kuti maswitiwo agwira ntchito yawo."

Attracta anatembenuza mutu pang'onopang'ono. "Nkhosa ya ndani?"

"Yako yomwe. Ija unkati yasochera."

"Ndinaifuna tsiku lonse m'mvula," anatero Attracta. "Iye akundithandiza kufuna, wakubayo."

Anayamba kuseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira kumene sindinakumvepo m'zaka zanga zonse za ntchitoyi. Analira ola lathunthu atagwira bokosi. Atatha anapempha supu.

Panja, Bambo Cosgrove anamuimitsa Iggy pageti.

"Bambo Lavelle, nthabwala zili ndi malo ake. Pambali pa mwana wakufa si malo ake."

"Bambo, mwapemphera masiku asanu ndi anayi, ndipo tikuthokoza. Koma supu wamwa liti?"

Lamlungu lotsatira ulaliki wonse unali wa anthu amene amasandutsa nyumba ya chisoni kukhala bwalo la zisudzo. Iggy anakhala benchi yakutsogolo akulemba m'kabuku kake. Potuluka anapempha Bambo kuti abwereze pamene ananena za njoka, akuti anatsalira. Ulaliki umenewo Iggy anausandutsa nthabwala, unayenda m'maholo a ku Dublin zaka ziwiri, ndipo kuyambira pamenepo awiriwa ankangogwedezerana mutu.

Chaka chatha Iggy anayamba kusasa mawu. Inali khansa ya pakhosi. Madokotala a ku Galway anamuchita opaleshoni, ndipo anabwerako alibe mawu ngakhale onong'ona. Ndinakwiya ndi Mulungu, sindibisa. Munthu ali ndi miyendo, manja, chiwindi chimene sanachigwiritsepo ntchito, koma matenda anakasankha pakhosi. Iye sanasiye kupita kumasiwa. Ankalemba nthabwala papepala n'kupatsira namfedwa ngati kalata ya chibwenzi, ndipo ena ankasekabe.

M'mawa wina, wailesi itamaliza mayina, anandikankhira kabuku. Analemba kuti: "Ine ndaseketsa maliro mazana anayi. Anga asakhale ngati a kalaliki wa ku khonsolo. Aseke m'tchalitchi. Lumbira."

"Bwanji osasekera muno m'bala?" ndinamufunsa.

Analemba: "M'bala aliyense amaseka. Lumbira, Nuala."

Ndinalumbira, kenako ndinavala chikhoto changa chabwino n'kupita kwa wansembe.

"Bambo, mawu ochepa chabe. Mphindi zisanu."

"Ngakhale imodzi, Mayi Heneghan. Lamulo ndi la aliyense."

"Munthuyu anabatizidwira m'tchalitchi chimenechi inu musanabadwe."

"Ndipo adzatulukamo mwaulemu. Mphatso zokumbutsa moyo wake mubweretse kuguwa monga mwa mwambo, koma popanda mawu. Palibe wolankhula kupatula ine."

Mwambo umenewo Bambo sanauletse. Misa ikamayamba, abale amanyamula zinthu za malemu n'kukaziika pabokosi, kaya malaya a timu yake ya mpira, kaya ndodo yake yobusira, kaya singano zolukira. Ndinabwerera kwa Iggy ndikututumuka ndi mkwiyo, koma iye atamva anamwetulira n'kulemba: "Popanda mawu? Ndinadya za mafilimu asanu ndi anayi popanda mawu." Pansi pake analemba zinthu ziwiri: mano a Packie ndi chipewa cha m'chimbudzi.

"Ziwiri zokha?"

"Zikwana. Koma udzayende pang'onopang'ono. Umathamanga iwe."

Anamwalira Lachiwiri masana, mwezi wa Malichi. Ndinamukonza ndekha. Kolona ndinakulunga momwe ankafunira, galasi ndinaphimba, wotchi ndinaimitsa. M'mawa mwake wailesi itayamba kuwerenga dzina lake ndinapezeka ndakweza chala kuti anthu akhale chete, chonsecho m'bala munalibe munthu.

Tsiku la maliro tchalitchi chinadzaza mpaka panja. Anabwera anzake anthabwala a ku Dublin ndi magalasi awo akuda, anabwera alimi a kumapiri, ndi amasiye onse a m'boma lino amene ankathabe kuyenda. Bambo Cosgrove anayamba ndi kutikumbutsa kuti tili m'nyumba ya Mulungu. Ponena zimenezo ankayang'ana ine.

Woyamba kunyamula mphatso anali Concepta, amene tsopano ndi gogo wa zaka 70. Ananyamula tambula ndi manja awiri, mano a bambo ake akugogoda galasi sitepe iliyonse. Ndinaona mapewa a anthu akuyamba kunjenjemera. Bambo Cosgrove anangoyendetsa maso benchi ndi benchi, ndipo aliyense anayamba kuyang'ana nsapato zake. Kenako ndinanyamuka ine ndi chipewa chobiriwira. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka mawondo kuwawa. Kumbuyo wina anatulutsa kamawu m'mphuno, koma anakasandutsa chifuwa. Ndinaika chipewa pabokosi pafupi ndi mano, ndipo m'tchalitchi munali zii.

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana. Ndinakwiya ndi tauni yonse, ndinachitanso manyazi. Panalibe benchi imene Iggy sanaiseketse pa tsiku lake loipitsitsa, koma onsewo ankaopa maso a munthu mmodzi. Mphatso zinali zitatha, ndipo ine ndinali nditalephera lumbiro langa.

Bambo anatsegula buku kuti ayambe. Pamenepo chitseko chakumbuyo chinatseguka, ndipo tinamva ziboda pasimenti.

Anali Attracta Munnelly, atavala chikhoto chakuda, chingwe m'manja. Kumapeto kwa chingwecho kunali nkhosa yamphongo, yosambitsidwa bwino, penti ya buluu ya kwa Munnelly ili pamsana, kansalu kakuda kali m'khosi. Palibe anamutuma. Pamndandanda wa Iggy panalibe nkhosa, ndipo ine sindinkadziwa kanthu. Anayenda pakati pa mabenchi osayang'ana kumanja kapena kumanzere, pang'onopang'ono kuposa mmene ndinayendera ine.

"Mayi Munnelly," anatero Bambo Cosgrove, "ichi n'chiyani?"

"Mphatso, Bambo. Munati popanda mawu, ndiye musandilankhulitse."

Itafika pafupi ndi kachipinda kolapira, nkhosa ija inakana kupitirira. Attracta anakoka chingwe, iyo inalimbitsa miyendo. Kenako inalowetsa mutu kuseri kwa katani n'kulira kamodzi, mokweza, motalika.

Tchalitchi chinaphulika. Alimi akuluakulu anagwira mabenchi kuti asagwe. A ku Dublin anavula magalasi. Concepta anakhala pansi pamasitepe a kuguwa akupukuta misozi ndi mpango, ndipo amene anali panja anayamba kuseka asanadziwe n'komwe chimene chachitika. Bambo Cosgrove anatifulatira n'kuyang'ana kuguwa kwa nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero amati chinali chifuwa. Ine ndakhala m'bala yodzaza utsi moyo wanga wonse, chifuwa ndimachidziwa, ndipo chimenecho sichinali chifuwa.

Munthu yekhayo amene sanaseke ndinali ine. Ndinaika dzanja pabokosi n'kulira ngati mwana. Attracta anabwera kudzaima pambali panga, chingwe chili m'manja.

"Anandibwezera mwana wanga tsiku lija," anatero. "Ukanandiuza kuti mukufuna thandizo."

Sabata yotsatira pachitseko cha tchalitchi panaoneka chidziwitso chakuti mphatso za pa maliro zizikhala zopanda moyo ndiponso zotheka kunyamula ndi dzanja limodzi. A khonsolo akhala akukambirana zomangira Iggy chipilala, koma ife tikuti asavutike. Pepalalo likanyowa ndi mvula, Bambo Cosgrove amamata lina ndi manja awo, ndipo aliyense wodutsa amaima kaye n'kuliwerenga.

Koma masiwa athu anazizira. Tiyi ndi yemwe uja, masangweji ndi omwe aja, anthu amandandabe kugwira chanza n'kunena kuti pepani ndi zovutazi. Ine ndimaima pakona monga mwa ntchito yanga, ndipo ndimaona namfedwa akumayang'ana kukhomo nthawi iliyonse chitseko chikatseguka. Ndimadziwa amene akumuyembekezera. Ndamusowa munthu uja, ndipo mpando wapakona ndimaukaniza ngakhale kwa anthu ogula mowa wodula.

Mwezi watha tinali pasiwa pa Mattie Ruddy. Mkazi wake Dympna anakhala maola atatu akulandira zanja. Kenako anandikoka mkono wa malaya.

"Nuala, palibe woti anene kanthu?"

Ine sindine wanthabwala, ndine wokonza mitembo. Koma ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi ake n'kumusimbira za tsiku limene Mattie anagona m'bokosi langa lachionetsero pothawa kukumba mbatata, n'kudzidzimutsa banja la ku Castlebar limene linabwera kudzasankha bokosi. Nkhaniyo ndinaithamangira, mapeto ndinawanena pakati. Dympna anaseka pang'ono chabe, m'mphuno, kenako anapempha tiyi.

Kabuku kofiira Iggy anandisiyira ine. Nditafika kunyumba ndinakatsegula, ndipo pansi pa dzina lomaliza limene iye analemba ndinalemba la Mattie Ruddy, ndi mawu awiri: anaseka pang'ono. Masamba opanda kanthu atsalamo ambiri. Mawa naini koloko wailesi ndiitsegula, ndipo amene akuona kuti n'zosayenera abwere adzandiuze pamaso, bala ya pamphambano akuidziwa.